MBEU YOSUNGIDWA NDI NTHAKA YOKONZEKA

Mau a kwa Akristu a ku Machinga ndi ku Balaka, onena za mabanja osaona mwana. Muyambe mwawerenga 1 Samueli 1:1-20 ndi Luka 1:5-25.



M'midzi yathu yonse, kuyambira ku Nayuchi ndi ku Ntaja kufikira ku Ulongwe, ku Utale ndi ku Phalula, simusowa nyumba imene sinamvekemo kulira kwa khanda. Mwamuna ndi mkazi alima, akolola, nadya nsima yao awiri, ndipo madzulo atseka chitseko msanga, pakuti palibe mwana womdikira abwere kosewera. Nyumba zotere siziri zowerengeka monga tiyesa. M'chaka cha 2023 bungwe la WHO, loyang'anira za umoyo pa dziko lonse lapansi, linalengeza kuti mwa anthu akulu 6 ali onse mmodzi akomana nalo bvuto ili pa moyo wache, ndilo kutha chaka chamtunthu akufuna mwana osaona pathupi; ndipo pa ichi maiko olemera ndi maiko osauka asiyana pang'ono pokha. Kuno kwathu, a kafukufuku wa Tsogolo la Thanzi, amene anayamba mu 2009 kutsata moyo wa anyamata ndi asungwana a ku Balaka, anapeza kuti alipo ena a iwo amene ayenda ndi mantha akuti sadzabala.

Nanga midzi yathu ichita nazo bwanji nyumba zimenezi? Chaka choyamba anthu akhala chete. Chaka chachiwiri manong'onong'o ayamba kuchitsime. Chaka chachitatu chala chiloza poyera, ndipo chiloza mkazi. Amutcha chumba, namfunsa za unamwali wache, nati kapena anachita zoipa asanakwatiwe. Ena athamangira kwa woombeza ula, namva kuti azakhali kapena agogo anamanga mimba, ndipo chibale chipasuka. Ena alowetsa fisi usiku. Mkamwini wina anyamula kathumba kache m'mamawa, nakakwatira kutsidya la mtsinje. Penina uja anasautsa Hana anamwalira kale lomwe, koma zidzukulu zache zichuluka pakati pathu. Ndipo tisaiwale kuti ngakhale Eli wansembe, poona milomo ya Hana irikugwedezeka m'pemphero, anamyesa woledzera.

Chifukwa chache mwezi uno tifuna kuika pamaso panu chinthu chimene madotolo apeza m'zaka zino, chokhudza kanthu kakang'ono ka m'mwazi wa mkazi. Ambiri a ife sitidzaponda m'zipatala zimene achitiramo ntchito imeneyi, pakuti ziri kutali ndipo mtengo wache ngwaukulu. Koma chiphunzitso chache chifika pakhomo pa munthu ali yense.

I. NTHAKA IRI NDI NTHAWI YACHE

Mlimi wa ku Balaka, kumene mvula ichedwa nifulumira kuleka, adziwa kuti mbeu yabwino payokha siikwanira. Ikagwa mvula ya chizimalupsa, wosaleza mtima atenga khasu nabzala. Mbeu imera, dzuwa liomba, ndipo mmera upserera. Koma wanzeru adikira mvula yobzalira, natosa nthaka ndi chala kuti aone ngati chinyontho chalowa pansi. Mbeu ndi imodzimodzi. Chosiyana ndi nthaka ndi tsiku.

Chomwecho Mlengi anakonzanso m'thupi la mkazi. Mwezi ndi mwezi dzira limodzi likhwima m'thumba lache la mazira, nilituluka; ndipo pamalo pamene latulukira pamera kanthu kachikasu, kamene katsanulira m'mwazi timadzi totchedwa progesterone. Dzinali litanthauza wothandiza pathupi. Ntchito yache ndiyo kufewetsa ndi kunonetsa khoma la m'kati mwa chiberekero, kuti mluza, ndiye chiyambi cha mwana, upeze pogwira ndi podya. Ichititsanso chiberekero kukhala phe, osafinya. Dzira likapanda kukomana ndi mbeu ya mwamuna, kanthu kachikasu kaja kafota atapita masiku ngati 14, progesterone itsika, khoma lija ligumuka, ndipo mkazi apita kumwezi. Koma mluza ukagwira, utumiza mthenga wache m'mwazi kuti kanthu kaja kasafote. Mthenga yemweyo ndiye amene amuona poyesa mkodzo kuchipatala. Potero kanthu kachikasu kalera pathupi kufikira nsengwa itakula ndi kulandira ntchitoyo, pakati pa sabata la 7 ndi la 10.

Zonsezi zinalikuchitika mwa Sara, mwa Rakele ndi mwa amai athu, anthu osadziwa kanthu. M'chaka cha 1929 George Corner ndi Willard Allen, ku Rochester m'dziko la America, anaonetsa pa akalulu kuti madzi otengedwa m'kanthu kachikasu asunga bere lisachoke. Ndipo mu 1934 anzeru anakhoza kupatula progesterone yeniyeni payokha. Poyamba inali ya mtengo wosaneneka, kufikira Russell Marker anapeza njira ya kuipanga ndi chilazi cha kuthengo cha ku Mexico, ndipo mu 1944 anayamba kuipanga yambiri. Taonani, mankhwala a mkazi wolira mwana anali gone pansi pa nthaka ya kuthengo zaka zonsezo, kudikira munthu awapeze.

II. MBEU YOSUNGIDWA

Makolo athu anadziwa kusunga mbeu. Anasankha ngala zabwino za chimanga nazipachika pautsi, namanga nyemba ndi mapira m'chikwatu, kuti zidikire dzinja. Masiku ano madotolo aphunzira kusunga mluza wa munthu.

Chiyambi chache ndi ichi. Akazi ambiri osabala ali nao mazira abwino, koma tinjira topitamo dzira kunka ku chiberekero tinatsekeka. Pofuna kulambalala njira yotsekekayo, Patrick Steptoe, Robert Edwards ndi Jean Purdy anatenga dzira m'thupi la mkazi, nalikomanitsa ndi mbeu ya mwamuna wache m'mbale, nabwezera mluza m'chiberekero. Ndipo pa 25 July 1978, ku Oldham m'dziko la England, anabadwa Louise Brown, mwana woyamba wa njira iyi, imene aitcha IVF. Mu 1984 anabadwa woyamba wa ku South Africa, pa chipatala cha Tygerberg ku Cape Town. M'chaka chomwecho ku Melbourne, m'dziko la Australia, anabadwa mmodzi wa ana oyamba ochokera mu mluza umene unayamba waumitsidwa ndi kuzizira.

Pakuti kawirikawiri mazira otengedwa akhala angapo, ndipo miluza ikhalanso ingapo. Kuibwezera yonse pamodzi kuika amai ndi ana pangozi. Tsono yotsalayo aimiza m'mpweya wa nitrogen wosanduka madzi, wozizira madigiri 196 kunsi kwa pamene madzi aumira. M'menemo mluza sukula, suola. Ungokhala chigonere miyezi kapena zaka. Tsiku likafika ausungunula nauika m'chiberekero. A kwathu ena okhala nacho chuma apita ku South Africa kapena ku India kukafuna thandizo limeneli, ndipo ena a iwo ayamba agulitsa ziweto ndi kukongola ndalama.

Koma mbeu yotuluka m'chikwatu ifuna nthaka yokonzeka, ndipo njira za kuikonza ziri ziwiri. Pa njira yoyamba madotolo adikira mwezi wa mkazi mwini, dzira lituluke, kanthu kachikasu kamere ndi kugwira ntchito yache. Pa njira yachiwiri amupatsa mkazi mankhwala otchedwa estrogen, okulitsa khoma la chiberekero, ndipo pambuyo pache progesterone. Pa njira yachiwiriyi dzira silituluka, ndipo kanthu kachikasu kulibe. Potero progesterone yonse ichokera ku mankhwala, oika kunjira ya chiberekero kapena obaya, ndipo mkazi sayenera kuleka kufikira nsengwa itakula. Masiku awawerenga mosamala: mluza wa masiku 5 auika mkazi atalandira progesterone masiku ngati 5, pakuti chiberekero chitsegula khomo lache masiku owerengeka okha, nichitsekanso.

III. MUYESO WOSAONEKA NDI MASO

Zaka zambiri madotolo anapatsa akazi onse mankhwala olingana, nayesa kuti nthaka yakonzeka mwa onse chimodzimodzi. Ena anaima nabala. Ena anabwerera kwao manja ali zii, osadziwa chifukwa. Pamenepo dotolo Elena Labarta ndi anzache, ku Valencia m'dziko la Spain, anayamba kuyesa mwazi wa akazi tsiku lomwelo la kuika mluza. Mu 2017 analengeza zoyamba, ndipo mu 2021 analengeza za akazi 1,150 okonzedwa pa njira yachiwiri ija. Onse analandira mankhwala a muyeso umodzi; koma mwa akazi 100 ali onse, ngati 30 anali nayo progesterone yochepa m'mwazi, yosafika mananogramu 8.8 pa mililita. Mwa ochepekedwawo, pathupi panapitirira mwa akazi ngati 37 pa 100. Mwa enawo panapitirira mwa akazi ngati 54 pa 100. Zipatala zina ziika malire pafupi ndi 10, pakuti mayesedwe asiyana. Koma chiphunzitso chiri chimodzi, chakuti matupi salandira mankhwala molingana.

Kodi muyeso umenewu ngwotani? Nanogramu ndilo gawo limodzi la gramu yogawidwa magawo 1,000,000,000. Mililita ndi madzi osadzaza ngakhale theka la supuni ya tiyi. Tiyerekeze chotere: mutenge mchere wodzaza supuni imodzi ya tiyi, muusungunule m'madzi a migolo 2,500 ya malita 200, pamenepo mwayandikira muyeso wa 10 uja. Lilime silingaulawe, diso silingauone. Koma kanthu kochepa chotero kasiyanitsa nyumba ya nthungululu ndi nyumba ya misozi.

Atadziwa ichi sanakhale manja lende. Anayamba kuyesa mwazi, ndipo mkazi wopezeka wochepekedwa anamuonjezera jekeseni wa progesterone tsiku ndi tsiku. Madotolo a ku Valencia ndi a ku Barcelona analengeza kuti akazi othandizidwa chotero anabala pafupifupi molingana ndi anzao. Ichi ndi chisomo chachikulu, ndipo tiyamika Mulungu amene apatsa anthu nzeru ndi chipiriro cha kuyesa.

IV. ZIMENE TIPHUNZIRAPO

Choyamba, tileke kuweruza. Lingalirani za akazi awiri ogona m'chipinda chimodzi cha chipatala, olandira mankhwala amodzi m'dzanja la namwino mmodzi. Wina thupi lache linawamwa bwino, wina iai. Kodi wachiwiriyo anachimwanji? Kodi analodzedwa ndi yani ku Valencia? Nthaka siisankha chinyontho chache. M'fanizo la wofesa mbeu Ambuye ananena za mitima, imene munthu akhoza kuiumitsa kapena kuifewetsa; sananene za mimba za akazi. Luka atiuza poyera kuti Zakariya ndi Elizabeti anali olungama onse awiri, ndipo anakalamba alibe mwana. Ndipo pamene ophunzira anafuna kudziwa wochimwa ndani kuti munthu uja abadwe wakhungu, Ambuye anakana kuloza iye kapena akumbala. Ngati madotolo, okhala nazo zoyesera zonse, anatha zaka asanazindikire kanthu aka, nanga ife okhala pamkeka tidziwa bwanji chifukwa cha mnansi wathu? Inu apongozi, inu alamu, inu amai a kuchitsime, gwirani lilime. Chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe.

Chachiwiri, mupite kuchipatala, ndipo mupite awiri. Sitinena kuti mkazi ali yense wosabala asowa progesterone. Iai, kwathu kuno zifukwa zochuluka ziri zina. Tinjira ta mazira titsekeka ndi chinzonono ndi nthenda zinzache zosachizidwa msanga, kapena ndi mafinya olowa m'mimba mkazi atabala kapena atapita padera. Likodzo, limene titenga m'madzi a Shire, a Malombe, a Chiuta ndi a Chilwa, lifikanso ku ziwalo zoberekera za mkazi ndi za mwamuna yemwe. Ndipo mverani, inu amuna: m'mabanja ambiri osaona mwana chifukwa chiri mwa mwamuna, kapena mwa onse awiri, mwamuna akhoza kukhala wamphamvu m'nyumba ndi kumunda, mbeu yache iri yochepa kapena yofoka, ndipo chimenechi chidziwika poyesa pokha. Wokana kuyesedwa, nasudzula mkazi, achita ngati mlimi wotemberera munda asanayang'ane m'chikwatu mwache. Chaka chikatha musanaone kanthu, yambani pa chipatala chaching'ono cha kwanu. Iwo adzakutumizani ku chipatala cha Balaka kapena cha Machinga ku Liwonde, ndipo kukafunika, ku Zomba Central kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Musazengereze, pakuti mazira a mkazi achepa ndi zaka, makamaka atapitirira zaka 35.

Chachitatu, musadzipatse mankhwala nokha. Wina adzamva mau awa nadzathamangira kusitolo kapena kwa wogulitsa mizu. Progesterone siitsegula njira yotsekeka, siichiza mbeu ya mwamuna, ndipo siiletsa kupita padera konse. Pakuti pafupifupi theka la mimba zochoka m'miyezi yoyamba zichoka chifukwa mluza womwe sunaumbike bwino, ndipo pamenepo palibe wolakwa. Mu 2019 madotolo a ku Birmingham, otsogozedwa ndi Arri Coomarasamy, analengeza za akazi 4,153 otaya mwazi pathupi pali pang'ono. Mwa onse pamodzi progesterone inasintha zochepa, koma mwa iwo amene anapitapo padera kale thandizo linaoneka, makamaka mwa opita padera katatu kapena koposa. Chifukwa chache mkazi wotere akaona mwazi afulumire kuchipatala, nanene mbiri yache yonse, dotolo aweruze. Kudya chilazi sikuonjezera progesterone, pakuti thupi silingathe kuchita chimene Marker anachita ndi zipangizo zache. Ndipo zilazi zina za kuthengo ziri ndi ululu wakupha. Jekeseni wa kulera wa miyezi 3 ali wa banja lomwelo la mankhwala, koma ntchito yache ndi yina, ndiyo kuletsa dzira kutuluka. Mkazi akauleka akhoza kudikira miyezi yambiri asanaime, koma sumsandutsa chumba.

Chachinai, tiope Mulungu pa za mluza. Mbeu ya chimanga ikatsala tiikazinga. Mluza wa munthu suli chotero. Pa nkhani ya IVF mipingo siinena chimodzi. Mpingo wa Roma, m'kalata yache ya 1987 yotchedwa Donum Vitae ndi ina ya 2008 yotchedwa Dignitas Personae, unakaniza kukomanitsa dzira ndi mbeu kunja kwa thupi ndi kuumitsa miluza, ungakhale ubvomereza mankhwala othandiza thupi kugwira ntchito yache. Mipingo ina ilola njirayi kwa mwamuna ndi mkazi wache, nichenjeza za miluza yotsala. Banja lolingalira za ulendo umenewu likhale pansi ndi atsogoleri a mpingo wao lisananyamuke, ndipo lifunse dotolo mosaopa: Mudzapanga miluza ingati? Yotsala idzapita kuti? Mudzakonza chiberekero pa njira iti, ndipo kodi mudzayesa progesterone m'mwazi? Koma pa chinthu chimodzi mipingo yonse igwirizana: mwana wobadwa, kaya wadza pa njira yotani, ndiye mphatso ya Mulungu, ndipo asamve dzina lotonza m'mudzi kapena m'nyumba ya mapemphero.

Chachisanu, tikumbukire malire a nzeru za munthu. Bwererani ku chiwerengero chija. Mwa akazi amene muyeso wao unakwana, mankhwala ali bwino, tsiku liri loyenera, 54 anakondwera. Nanga 46 aja? Anabwerera kwao opanda kanthu, ndipo palibe dotolo woona mtima amene alonjeza mwana. Paulo anakumbutsa Akorinto kuti wobzala ndi wothirira ali antchito chabe, ndi kuti kumeretsa kuli kwa Mwini munda. Potero tilime, tiyese, tithirire ndi nzeru zonse zimene tapatsidwa, pakuti ulesi suli chikhulupiriro. Koma tisagulitse munda wotsiriza ndi denga la pamutu chifukwa cha lonjezo la munthu, ndipo tisayese kuti Mulungu watitaya pamene tabwerako chimanjamanja.

MAU OTSIRIZA

Hana anapatsidwa Samueli, Elizabeti anapatsidwa Yohane. Koma sitidzakunyengani kuti nkhani zonse zitha chotero. Alipo oyera mtima ambiri amene anapemphera moyo wao wonse nalowa m'manda osayangata mwana wao. Kodi ukwati wao unali wachabe? Iai ndithu. Pamene munaima pamaso pa mpingo, ankhoswe ali pambali panu, simunalonjeze kukhala pamodzi pokhapokha mwana akabadwa. Munalonjeza kufikira imfa. Elikana sanamchotse Hana. Anampatsa gawo lopambana la nyama ya nsembe, namtonthoza pamene anakana kudya. Inu amuna Achikristu, yang'anani pamenepo. Inu ankhoswe, mlandu wotere ukadza kwa inu, musafulumire kumasula banja. Yambani mwafunsa ngati onse awiri anapita kukayesedwa, ndipo muwaperekeze. Inu eni mbumba, tetezani alongo anu ku milomo ya anthu, ndipo musanyoze mkamwini amene chifukwa chapezeka mwa iye.

Ndipo inu amene nyumba yanu iri chete, mpingo ukufunani. M'midzi yathu muli ana amasiye osowa wowafunda usiku, muli asungwana osowa wowalangiza, muli ana a sukulu osowa wowagulira kope. Makolo anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Sitinena ichi kuti tichepetse chisoni chanu, pakuti tidziwa kuti njala ya mwana siitha ndi mau. Tinena kuti mudziwe kuti Mulungu sawerenga zipatso za munthu powerenga ana a pabwalo pache pokha. Malo anu m'nyumba ya Mulungu sali kumbuyo.

Mwezi uno, pa mapemphero a m'midzi ndi pa misonkhano ya amai, tipempherere mabanja awa osatchula maina ao. Ndipo yense wa ife amene analankhulapo mau opyoza kwa mkazi kapena mwamuna wosabala apite mwakachetechete akapepese.

Tipemphere. Atate wathu, Inu amene muumba munthu mobisika, ndi kuika muyeso wa zinthu zosaoneka ndi maso, yang'anani abale ndi alongo athu olira mwana. Patsani nzeru ndi mtima woona kwa madotolo ndi anamwino. Sungani miluza yogona m'chisanu, ndi amai oyembekezera mwamantha. Tsekani pakamwa pa otonza, mumange mabanja ogwedezeka. Ndipo amene simudzawapatsa chimene apempha, muwapatse Inu mwini. M'dzina la Yesu Kristu Ambuye wathu. Amen.